Kusala Kudya kwa Sungeni

...ndiye zimenezo ndi zomwe zikundiwawa ine! Musandiyang'ane choncho a kwaya, inunso muli momwemo. Gulupu ya mpingo ija tinatsegula kuti tiziuzana za maliro ndi zolengeza. Koma lero ukangoyatsa data, foni imachita kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Uyu watumiza kuti, "Tumizirani anthu khumi, mwana wanu akhoza mayeso." Uyo watumiza voisi ya mphindi naini, akukuwa kuti mwana aliyense wolephera m'kalasi anachita kumangidwa. Dzulo wina wabwera ndi pulogalamu yake, akuti mayeso ayandikira, ana onse asale kudya sabata yathunthu. Pansi pakepo ma Ameni ali mbwee, timanja topemphera tija tili ndandanda. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa kuti kodi anawo ali ndi zaka zingati.

Inu amene mwangolowa kumene, khalani pansi, simunaphonye kanthu, ndikadalusa. Ndikuuzeni fanizo, mwina mundimva.

Kunali mayi wina m'tauni muno, ankakhala kumtunda kuja kumene mpopi umatulutsa madzi kawiri pa sabata. Ankagulitsa mazira owiritsa ndi mtedza wokazinga pa siteji ya minibasi. Sanali waulesi ayi. Kukamacha iye ali kale panjira, beseni pamutu, kabotolo ka mchere ndi tsabola m'manja. Madalaivala ankamudziwa, makondakitala ankamudziwa. Sanali womwa, sanali wa miseche, ndipo pa nkhani ya kupemphera ambiri a inu simungamufike.

Mayiyu anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Sungeni. Anali ndinso bala limodzi mumtima: sankadziwa kuwerenga. Sukulu anasiyira Sitandade 2. Meseji ikalowa pafoni, ankachita kupempha kondakitala kuti amuwerengere. Ndiye makondakitala mukuwadziwa. Amawerenga mokweza, minibasi yonse imve.

"Akuti achimwene anu akumudzi athawidwanso ndi mkazi! Mayi, banja lanu ndi filimu!"

Anthu n'kumaseka. Iye ankaseka nawo, koma m'kati ankalumbira: wanga yekhayu adzawerenga. Ndidzavutika bwanji, koma Sungeni sadzagwiritsa foni yake munthu wachilendo.

Koma Sungeni sukulu inkamukana. Sitandade 3 anali kubwereza kachiwiri. Mphunzitsi wake, Madamu Likongwe, anaitanitsa mayi uja tsiku lina.

"Amake Sungeni, mwanayu si wamwano. Sachita phokoso, sajomba. Koma ikangokwana naini koloko, mutu uli pa desiki, tulo. Ndimuphunzitsa lero, amva bwinobwino. Mawa ndimufunsa, akungondiyang'ana ngati sitinaonanepo. Akalepheranso telemu ino abwereza kachitatu, ndipo wandiuza yekha kuti akabwereza asiya. Anzake akumutcha Kagona. Kodi kunyumba amadya bwino?"

Mayi uja funsolo linamubaya ngati chipongwe.

"Madamu, ine mwana wanga sanagonepo ndi njala. Funsani aliyense."

Ndipo sananame. Sungeni sankagona ndi njala. Mmawa mayi ankachoka mwana asanadzuke, n'kumusiyira madzi otentha a shuga m'kapu. Masana akaweruka, kapaketi ka zokhwasula zachikasu zija zongodzadza mpweya, ndi fulizesi. Madzulo mayi wabwera wotopa, miyendo yatupa, aphika nsima ya ufa woyera uja ndi kasupu ka tomato kongoti mbamu zitsike. Mawa zomwezo. Mkuja zomwezo. Mimba inkadzadza ndithu. Chinthu chokhacho chokhala ndi mphamvu chimene chinkalowa m'thupi la mwana ameneyu chinali kapu imodzi ya phala la soya limene amayi odzipereka ankagawa kusukulu hafu sikisi mmawa. Kapu imodzi basi. Musaiwale nthawiyo: hafu sikisi.

Mayi uja atachoka kwa Madamu sanapite kuchipatala. Akatani kuchipatala, mwana sakutentha thupi, sakutsokomola? Anapita kwa a Nachanza, mtsogoleri wa gulu lawo la mapemphero a Lachinayi. A Nachanza anali mayi aulemu wawo, a duku loyera, mawu awo ngati sipika ya pa ukwati. Sanali oipa mtima, ndikunenetsa. Anthu ambiri amene amatipweteka si oipa mtima, amangokhala otsimikiza.

Anamvetsera, anatsinzina, anapukusa mutu.

"Mwana wanga, apa palibe chobisika. Naini koloko tsiku lililonse? Tulo wamba sasunga nthawi. Umenewo ndi mzimu wa tulo, wachita kutumidwa. Kumudzi kwanu alipo amene anafika Fomu 4?"

"Palibe, amayi."

"Waona? Ndi unyolo wa kumtundu. Unakugwira iwe, tsopano ukufuna mwana. Zoterezi sizichoka ndi pemphero la pakamwa lokha. Musale nonse awiri, masiku seveni, sikisi mpaka sikisi. Madzi ayi, chakudya ayi. Mwini wake mutuwo asale, ndiye kuti unyolo uduka. Koma tamvera bwino: mukadula pakati, mzimuwo ubwerera ndi anzake, ndipo mwanayo sadzawerenganso mpaka kalekale."

Abale anga, mwana wa njala, mankhwala ake amulembera njala!

Mayi uja anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Kwa nthawi yoyamba vuto linali ndi dzina, ndipo linali ndi mankhwala. Anamukhazika Sungeni pamkeka namufotokozera zonse. Mwana anamvetsera maso ali tong'o.

"Ndiye ndikasala ndikhoza, Amayi?"

"Ukhoza, mwanawe. Upita Sitandade 4."

"Sadzanditchanso Kagona?"

"Sadzakutchanso."

"Nanga phala la kusukulu?"

"Limagawidwa nthawi yanji?"

"Hafu sikisi."

"Ndiye kuti sikisi yadutsa kale. Kapu uzisiya kunyumba."

Lolemba Sungeni anapita kusukulu wopanda kapu. Anzake ali pamzere wa phala, iye anakakhala kuseri kwa kalasi kuti fungo lisamupeze. Mayi wina wogawa phala anamuona namukuwira, "Iwe kamtsikana, bwera ndikubwereke kapu!" Iye anati wakhuta. Mwana wa zaka zochepa, kusunga pangano kuposa ife akuluakulu amene timasala m'mawa, pofika teni koloko tili kuseri kwa ofesi ndi chipisi.

Lachiwiri anagona isanakwane n'komwe naini. Atawauza mayi ake, mayi anaimbira a Nachanza.

"Amayi, zikunka zikukula. Lero wagona eyiti."

"Aleluya! Ndiye kuti wamva kutentha mzimuwo, ukulimbana. Musafooke."

Mwamva? Zikaipa, akuti zikuyenda. Zikaipitsitsa, akuti zatsala pang'ono. Fotokozani inu, munthu angatulukire pati m'khola lotere?

Lachitatu milomo ya mwana inayamba kung'aluka. Mayi anaona, anamupaka mafuta. Iyenso anali kusala, tsiku lonse padzuwa, akusendera anthu mazira, akuwathirira mchere, malovu akuwameza mouma. Mtima unkamuuza kuti pali chalakwika, koma akaganiza za kondakitala uja akuwerenga meseji minibasi yonse ikuseka, ankalimba. Ankati, "Ambuye, onani kuvutika kwathu." Lachinayi Sungeni anabwera kuchokera kusukulu akuyenda mogwira makoma a nyumba za eni. Sikisi itakwana anangodya pang'ono n'kugona, mphamvu yotafunira inalibe.

Lachisanu mmawa, dzuwa la Okutobala lija lotentha ngati mbaula, mayi uja ali pa siteji, foni inalira. Anali Madamu Likongwe.

"Amake Sungeni, siyani zonse. Mwana wagwa."

Beseni anasiyira mnzake wogulitsa nthochi. Anathamanga, chitenje chikumasuka, patapata imodzi inaduka, anaisiya pomwepo. Atafika anapeza Sungeni amugoneka pakhonde la ofesi, pa chitenje cha Madamu. Anali atatsitsimuka, koma maso atalowa m'kati, nkhope yatuwa ngati phulusa. Anagwa ali pa bolodi, choko m'manja, akuyesa kulemba dzina lake. Madamu anali atagwada pambali, m'manja muli kapu ya phala limene amayi ogawa aja anakokota mumphika n'kulitenthetsanso.

"Mwanayu akukana kumwa," anatero Madamu. "Wakukuta mano. Akuti akamwa sadzawerenganso. Amake Sungeni, mwamuuza chiyani mwanayu?"

"Tikusala, Madamu. Kwatsala masiku awiri okha."

"Mukusala ndani?"

"Tonse awiri."

Madamu anangoti kukamwa yasa. Amayi ogawa phala aja anagwira pakamwa. Kenako Madamu anafunsa:

"Kuyambira liti?"

"Lolemba."

"Mayi inu! Lolemba? Padzuwa ili? Ngakhale madzi?"

Madamu anamupatsira mayi uja kapu ija m'manja mwake. "Ine wandikana. Mwini wake ndinu. Chitani chimene mukufuna, koma muchite tikuona."

Apa ndiye pamene panagona nkhani, abale anga. Mayi uja wagwira kapu. Khutu lina likumva a Nachanza: mukadula pakati, sadzawerenganso mpaka kalekale. Masiku anayi athunthu avutika, lachisanu ili, kwangotsala awiri. Akamumwetsa, ndiye kuti iye mwini, ndi dzanja lake, watseka mutu wa mwana wake. Ndi mmene ankakhulupirira, musamuseke. Koma diso likuona mwana. Ndipo kwa nthawi yoyamba analiona thupilo bwinobwino, osati mothamanga ngati mmawa uliwonse. Timikono ngati bango. Tsitsi lofiirira, lonyozoloka, limene iye ankati ndi la kumtundu kwa bambo ake. Yunifolomu imene anagula mwana ali Sitandade 1 inali kumukwanabe, ndipo iye ankanyadira kuti mwanayu ndi wosamala zovala.

Sungeni anatembenuza mutu, anawaona mayi ake, anayang'ana kapu. Ndi timawu tochokera kutali anafunsa:

"Amayi, sikisi yakwana?"

Inali naini koloko. Dzuwa lili phwee, mithunzi ikadali yaitali, ana m'makalasi akuimba matebulo.

Mayi uja, amene sananamepo kwa mwana wake, anamuyandikizira kapu pakamwa.

"Yakwana, mwanawe. Yakwana. Imwa."

Mwana anayang'ana kunja, anaona dzuwa. Anayang'ananso mayi ake. Kenako anatsegula pakamwa. Anamwa ngati munthu wotuluka m'chipululu, phala likutsikira m'khosi, manja onse awiri atagwira dzanja la mayi ake kuti kapu isachoke. Mayi akulira, Madamu akulira, amayi a phala akulira.

Anamutengera kuchipatala pa kabaza. Nesi amene anawalandira anali wa zaka ngati zanga, wosachedwa kupsa mtima ngati ine ndemwe. Anamukweza mwana pa sikelo, anamuyeza msinkhu, anamutsegula chikope. M'kati mwa chikope munali moyera ngati pepala.

"Ali ndi zaka seveni?"

"Leveni, anesi."

Nesi anasiya kulemba. "Mwati?"

"Leveni. Akwanitsa thwelofu mu Febuluwale."

Madamu, amene anawaperekeza, anagwira mutu. Zaka ziwiri akumuphunzitsa, ankaona ngati ndi kamwana kamene kanangoyamba sukulu msanga.

"Mayi, mwanayu magazi alibe," anatero nesi. "Ndipo wapinimbira. Izi si za sabata ino ayi. Sabata ino mwangomalizitsa. Izi ndi za zaka. Thupi likamasowa chakudya choyenera, limayamba kutseka zipinda, ngati nyumba imene magetsi atsala pang'ono kutha. Kukula limasiya. Kusewera limasiya. Mutu nawo umazima. Mwanayu sagona chifukwa cha ulesi, thupi ndi limene likumuzimitsa kuti apulumuke. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimagulitsa pa siteji."

"Mumagulitsa chiyani?"

"Mazira ndi mtedza."

Nesi anaika cholembera pa tebulo pang'onopang'ono.

"Mazira. Ndi mtedza."

"Eya."

"Mwanayu anadya dzira liti komaliza?"

"Aaa, anesi, kwathu mwana sadya dzira. Amagwa khunyu."

"Wagwa leroyu wadya dzira?"

Nesi anapitiriza:

"Nanga mtedza?"

"Umenewo ndi wa geni."

"Ndiye makondakitala anenepa ndi manja anu, masaya ali phuliphuli, mwana wanu akuuma m'nyumba momwe mumawiritsira mazirawo? Mayi, mankhwala a mwanayu mwakhala mukuwasenza pamutu zaka zonsezi, kuwapititsa kwa eni!"

Mayi uja anagwada pansi pomwepo pa simenti. "Ndiye achira? Adzawerenga?"

Nesi anafewa pang'ono. "Magazi abwerera. Tulo titha. Dzira limodzi pa tsiku, nsinjiro m'phala ndi m'masamba, usipa, nyemba, chipatso chilichonse cha nyengo yake. Kuwerenga adzawerenga, mukamugwira dzanja. Koma sindikunamizani: zina zimene zinatayika ali wamng'ono sizibwerera zonse. Mukanabwera kale."

Mukufuna ndikuuzeni kuti Sungeni anakhala nambala wani? Ayi, iyi si filimu ya pafoni. Mayeso a telemu imeneyo analephera. Sabata zitatu za mazira sizingabweze zaka khumi. Anabwereza Sitandade 3 kachitatu. Koma sanasiye sukulu, chifukwa naini koloko inayamba kumupeza ali maso, dzanja lili m'mwamba. Chaka chotsatira anakhoza, wachisanu kuchokera kumapeto, ali wamkulu kuposa onse m'kalasi koma wamfupi kuposa ambiri. Msinkhu umenewo ndi wake mpaka kalekale.

A Nachanza atamva anati mayi uja analibe chikhulupiriro, anadula pakati. Mpaka lero amanena choncho. Ndipo pagulu lawo palowa mayi wina amene mwana wake amagona m'kalasi.

Fanizo lathera pamenepo. Tsopano tanthauzo lake, ndipo sindikulunga m'pepala.

Sindikunyoza kusala kudya. Ine ndimasala. Kusala ndi kwa munthu wamkulu, wokhuta, amene wasankha yekha kumana thupi lake kuti mtima umve Mulungu. Koma sungamane munthu chimene sanakhalepo nacho. Mwana amene thupi lake lakhala likusala kuyambira ali kumsana, iwe n'kumuwonjezera sabata ina, umenewo si uzimu. Nkhanza zimenezo, ngakhale uzichite utagwada.

Mulungu amene analenga mzimu ndi yemweyo analenga magazi. Analenga ubongo, ndipo anaupanga kuti uzidya. Sanaupange kuti uziyenda ndi Ameni. Foni yanuyo, batire ikafika pa wani peresenti, mumaithira mafuta odzozera? Mumaikuwira kuti tuluka? Mumathamanga kukasaka chaja, mpaka kukangana ndi eni nyumba pa soketi. Koma mwana akazima m'kalasi, mwati ndi azakhali akumudzi. Azakhaliwo mwina ali phee kwawo akusenda chinangwa, dzina la sukuluyo salidziwa n'komwe.

Timakonda mdani wosaoneka, chifukwa mdani wosaoneka satipempha kuti tisinthe kanthu. Timukuwira, tituluka thukuta, tibwerera kunyumba zonse zili chimodzimodzi. Koma ukanena kuti vuto lili m'mbale, ndiye kuti bambo achepetse kudya kanyenya panjira abweretse kunyumba. Ndiye kuti nkhuku ikaphedwa mwana asamangolandira chipalapaso ndi khosi. Ndiye kuti mwambo uja wakuti mwana sadya dzira tiufunse kuti unayamba ndi ndani, chifukwa ine ndikukayika kuti anayambitsa ndi munthu wamkulu wokonda mazira. Mwaseka? Sekani, koma zalowa.

Ndikudziwa, alipo pano amene m'nyumba mwawo mulibiretu, ngakhale dzira, ngakhale nsinjiro. Amenewo sindikuwakalipira. Ndikukalipira ife ena tonse, mpingo wa anthu mazana atatu, amene timatha kusonkha mbuzi ndi makireti a zakumwa mlendo wolalikira akabwera, koma ana a Sande sukulu amatuluka muno akuyasamula. Yankho la pemphero la mayi wosowayo Mulungu analiika kale m'khitchini mwanu. Mukulisunga ndinu.

Mayi wa m'fanizo uja anapemphera masiku asanu, anasala, analira, kumwamba kuli chete. Mulungu sanali wogontha. Anali atayankha kale: anayankha ndi kapu ya phala ya hafu sikisi, anayankha ndi funso la Madamu, anayankha ndi beseni limene linali pamutu pake. Iye anadutsa mayankho onsewo akuthamangira chozizwitsa. Ndipo mawu oyamba a chikondi chenicheni amene anatuluka m'kamwa mwake sabata yonseyo anali bodza, naini koloko mmawa, dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye inu amene munalemba Ameni dzulo pa gulupu paja, ndikufunseni pamaso pa ana anu ali apawa. Pakati pa kusala kwa masiku asanu kuja ndi bodza la mayi uja lakuti sikisi yakwana, Mulungu anakondwera ndi chiti? Alipo woti aimirire anene kuti ndi kusalako?